Penti wina akuuma ngati sandipepa, wina wachita mibulu mu airbrush, ndikulakwitsa pati?

Ndege72_BT

Akuluakulu moni nonse. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere sabata ziwiri tsopano. Ndikumanga kandege ka pulasitiki kolumikiza wekha, Spitfire Mk.Ia ya kampani ya Airfix, 1/72 (kochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni), ndi model yanga yachitatu koma yoyamba kupopera ndi airbrush, kamfuti kopopera penti ndi mpweya kaja, ziwiri zoyambazo ndinangopaka ndi bulashi basi. Airbrush yake ndi ya kabowo ka 0.3 mm ya kakapu pamwamba ija, kompresa ndi kakang'ono kopanda thanki koma geji ilipo. Penti anandibweretsera msuweni wanga pa basi kuchokera ku Joni, Tamiya XF-52 wakhofi ndi XF-81 wobiriwira za pamwamba, kabotolo ka Vallejo Model Color ka kunsi kwa ndege, ndi kachitini ka Humbrol 33 wakuda ka matayala ndi propela. Thina wosungunulira penti wa Tamiya, X-20A, anabwera kabotolo kamodzi kokha ndipo kanatha ndikuphunzira kupopera pa chivindikiro cha ndowa, ndiye ndinapita ku famase kukagula sipiriti yoyera ija nkumathira mwina monse.

XF-52 ndikapopera amatuluka bwinobwino koma akauma phiko limakhakhala, ukadutsa chala umamva ngati pathiridwa mchenga, makamaka pomwe phiko limakumana ndi thupi la ndege, apo ndiye pachita kuoneka fumbi lenileni. Ndinati mwina walimba, ndinaonjezera sipiriti, zinangoipiraipira, kenako nditathira wambiri anayamba kumwazika ngati timiyendo ta kangaude. Vallejo uja ndiye nkhani ina, nditangothira sipiriti mu kakapu anachita timibulu tonanda, airbrush inalavula kawiri katatu nkutsekeka, mpaka lero mpweya ukubwerera mmbuyo kumachita thovu mkapu. Ndiye pali Humbrol wa pa propela, pachitini analemba matt koma wauma monyezimira ndipo patha masiku atatu akumatabe kuchala.

Ndimapopera pakhonde masana ndikaweruka ku ntchito ya m'mawa, geji ya presha ndimaika pa 30 PSI chifukwa ndikatsitsa amakana kutuluka. Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa. Funso langa ndi lakuti mulingo weniweni ndi uti, penti madontho angati thina madontho angati? Aliyense amangoti akhale ngati mkaka, koma mkaka wake uti, wa ufa wosungunula kapena wa mpaketi? Ndipo ndegeyi ingapulumuke kapena ndiyambe ina? Ma decal, timapepala ta zilembo ndi zizindikiro tomata pa ndege tija, sindinaike. Chonde ndithandizeni, kit imeneyi ndinaidikira miyezi inayi.

Mkulu_wa_Matanki

Achimwene musataye ndegeyo, palibe chaonongeka apa chosakonzeka. Ndipo penti anu onse atatuwo ndi abwino, chavuta ndi chakuti mwawamwetsa chinthu chimodzi pomwe ndi mitundu itatu yosiyana.

Ndiyambe ndi Vallejo poti ndi amene watseka airbrush. Mabotolo onse awiri analembedwa acrylic, Tamiya ndi Vallejo, ndiye munthu umaganiza kuti ndi pachibale, koma ayi. Tamiya wa X ndi XF muli kale alcohol mkati mwake, nunkhizani mumva, nchifukwa chake amalola sipiriti. Vallejo ndi wa madzi, akakumana ndi alcohol wamphamvu amaundana nkukhala ngati chingamu, ndi timibulu munaonato. Ameneyo thina wake ndi madzi oyera, kapena Airbrush Thinner wa Vallejo yemweyo ndi kadontho ka Flow Improver. Komanso dziwani kuti Model Color anamupangira bulashi, ndi wolimba dala, wa airbrush ndi Model Air amene amabwera wosungunula kale. Model Color amatheka kupopera koma amafuna kudekha, amauma pa nsonga ya singano mphindi ziwiri zilizonse, mumayenera kukhala ndi kathonje konyowa pafupi kumapukuta.

Kutsuka kwake, masulani nozzle yokhayo, kansonga kotulukira penti kaja, muiviike mu thina wa lacquer kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, timalabala takuda tija musativiike timafufuma. Musatokose ndi singano yosokera, nozzle ya 0.3 ndi yopyapyala kwambiri, ikang'aluka mlomo basi yatha. Tengani kamtengo kotokosera mano mukasongole bwino, kapena bulashi yakale. Thovu la mkapu likapitirira mutatsuka ndiye kuti nozzle sinamange bwino kapena yang'aluka kale, muiyang'ane pa dzuwa.

Tsopano mchenga uja. Amene uja si dothi, ndi penti yemweyo amene wauma ali mmalere asanafike pa pulasitiki. Zinthu zinayi zagwirizana pa inu nthawi imodzi, sipiriti imauluka msanga kuposa X-20A, mukupopera masana mu Okutobala, presha ya 30 ndi yokwera zedi, ndipo ndikukhulupirira kuti mukuimira patali poopa kuti angayerere. Penti amatuluka ngati nkhungu, ndiye tidontho tating'ono timenetija mpweya wotentha ukatiomba timafika tili ufa. Pamphambano ya phiko mpweya umazungulira nkubwerera, nchifukwa chake fumbi limaunjikana pamenepo kuposa pena paliponse. Mukuti pa presha yotsika amakana kutuluka, eya, chimenecho ndiye chizindikiro choti poyambapo anali wolimba, inu mmalo momusungunula munamukankha ndi mphepo. Kenako mutathira sipiriti wambiri presha ikadali pa 30 anafika ali madzi nkumwazika. Mwaona mbali zonse ziwiri tsiku limodzi.

Ine Tamiya ndimayambira dontho limodzi penti dontho limodzi thina, ndikafuna kupopera mopyapyala ndimafika awiri a thina pa limodzi la penti, presha pakati pa 15 ndi 18, kutalika kwake ngati zala zinayi kuchoka pa model. Koma ndikunena kuti ndimayambira, sindikuti ndi lamulo, chifukwa botolo lomwe mwalitsegula kakhumi silifanana ndi latsopano, thina wamkati amakhala akuuluka pang'onopang'ono. Ndili kuno ku Johannesburg, pamwamba pafupifupi mamita 1,750, mu Juni ndi Julayi mpweya umauma gwa, mulingo womwe umandigwirira ntchito mu Januwale nthawi ya mvula mu Julayi umandipatsa sandipepa yemweyo. Ndiye nkhani ya mkaka ija muitenge chonchi, sakanizani mu kachivindikiro koonekera mkati, osati mu kakapu ka airbrush, tengani pang'ono ndi bulashi mukhudze mmbali mwa chivindikirocho. Dontho likatsetsereka mosavuta nkusiya kanjira ka mtundu koonekera pang'ono, ali bwino. Likaima pomwepo walimba. Likathamanga osasiya kalikonse mwaonjeza. Mukatero poperani kaye kumsana kwa supuni ya pulasitiki, afike akuoneka wonyowa pang'ono kwa masekondi angapo kenako nkuuma. Ine supuni ndimagula paketi yonse, sindikhudza model ndisanayese.

Ndipo ngati msuweni wanuyo akubweranso, muuzeni akutengereni Mr. Color Leveling Thinner. Ndi thina wa lacquer koma Tamiya acrylic amagwirizana naye modabwitsa, muli mankhwala ochedwetsa kuuma ndiye penti amapeza nthawi yogona see. Kuyambira pomwe ndinayamba ameneyu mchenga ndinauiwala.

MayiWaTizidole

Zambiri akulu anena kale, ine ndiyankhe za Humbrol ndi za bulashi chifukwa airbrush ndilibe ndipo sindikuifunanso, ndimapaka tiasilikali ta 1/35 ndi ndege mwa apo ndi apo, zonse ndi dzanja.

Kachitini kanu kaja simunatakase, ndikutsimikiza. Mwina munangokhutchumula. Penti wa enamel, wa mafuta ngati Humbrol wanuyo, akakhala nthawi yaitali, mtundu weniweniwo pamodzi ndi zomwe zimamupangitsa kuuma mosanyezimira zimakhazikika pansi nkuchita ngati matope, pamwamba pamatsala mafuta okhaokha. Inu munaviika bulashi mmafutamo, nchifukwa chake wanyezimira ndipo sakuuma. Tengani sipoko ya njinga kapena msomali woyera, mufike nawo pansi penipeni, mumva kulimba, mupale matope onsewo mutakase mpaka pasapezeke kambulu ngakhale kamodzi pa nsonga. Ine ndimatakasa mphindi zitatu ndi wotchi, mkono umatopa koma palibe njira yachidule. Wa pa propelayo mupukute ndi kansalu konyowetsa white spirit, thina wa penti wa mafuta uja, muyambirenso. Akatakasidwa bwino mumadikira maola 6 musanapakenso kachiwiri, ndipo ine sindigwira mpaka mawa lake. Thina wake ndi white spirit kapena wa Humbrol yemweyo, sipiriti ya ku famase singasakanikirane naye nkomwe. Musanatseke pukutani mlomo wa chitini, penti akaumira pamenepo chivindikiro sichikhala bwino, mpweya umalowa, mwezi wamawa mudzapeza chikopa pamwamba.

Vallejo wanuyo ine ndikanakhala inu sindikanamuvutitsa ndi airbrush, kunsi kwa Spitfire ya 1/72 ndi kamalo kochepa, bulashi yaphwatalala yofewa ikwana. Chinsinsi chake ndi kupaka mopyapyala katatu, osati mokhuthala kamodzi. Ulendo woyamba zimaoneka zonyansa, mizeremizere, pulasitiki kuonekera, apa mpomwe anthu ambiri amataya mtima nkuthira penti wambiri, ndiye timizere ta mapanelo tonse timakwiririka. Musiyeni aume, pakaninso modutsa mbali ina, wachitatu mudzaona zatseka bwinobwino. Ndipo nyengo yotenthayi pangani kambale konyowa, tengani kontena ya majarini, pansi ikani tishu wonyowa, pamwamba pake pepala lophikira makeke lija, penti muzidonthezera pa pepalapo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono, dontho lomwe likanauma pa mphindi zisanu limakhala tsiku lonse lili chimodzimodzi, ndiye simukhala mukuthira madzi mobwerezabwereza nkumasintha kulimba kwake muli pakati pa ntchito. Kwa Vallejo zimenezi zimathandiza kwambiri, kwa enamel ayi musayese.

China, Vallejo nayenso amakhazikika pansi. Anthu amaika kampira mu botolo kuti kazithandiza povundula, nzabwino, koma chonde osaika timipira tachitsulo ta njinga. Ndinaika mu botolo la woyera, patapita miyezi iwiri anasanduka wofiirira ndi dzimbiri, ndinataya botolo lonse ndipo zinandiwawa poti kupeza lina si kwapafupi. Ikani mkanda wagalasi wotsuka bwino, umagwira ntchito yomweyo.

Ndege72_BT

Zikomo kwambiri akulu, zikomo mayi. Ndapita kukatokosa kachitini ndi sipoko, zoonadi pansi panali matope okhuthala pafupifupi theka la chitini, sindimadziwa. Nozzle ndaiviika, mwatuluka kanthu ngati ulusi wa labala, thovu lasiya.

Koma ndifunsenso, Leveling Thinner uja sindingamupeze mwezi uno, msuweni abwera pa Khirisimasi ndipo ndinafunsa zotumiza pa ndege anandiuza kuti zinthu zoyaka moto sanyamula. Ku hadiweya kuno thina wa magalimoto alipo wambiri wotchipa, malita asanu. Kodi si yemweyo? Nanga sipiriti ya pepo ija ya methylated? Komanso mchenga uli kale pa phikowu ndiupale kapena ndingopopera pamwamba pake?

Fundi_Mzuzu

Aise thina wa ku hadiweya pa model ayi, ndikupempha. Ndimagwira ntchito yopopera magalimoto zaka zambiri, ma model ndi za madzulo chabe, ndiye thina ameneyo ndimamudziwa bwino. Ndi waukali kwambiri, ma kit awa ndi a polystyrene, dontho likagwera pa phiko pulasitiki imafewa nkuchita makwinya, pa galasi la woyendetsa ndege ndiye limachita mbuu osabwereranso. Alipo anthu amapopera naye mopyapyala nkupulumuka koma kwa munthu amene dzanja silinakhazikike ndi kuika ndege pa moto. Gulani kabotolo kakang'ono kotsukira nozzle ndi singano basi, pamenepo ndi katswiri.

Ndipo pa Leveling Thinner ndisiyane nawo pang'ono akulu a ku Joni. Kuti amagoneka penti bwino sindikutsutsa, nzoona. Koma ndi lacquer, fungo lake limalowa mmutu, ndipo mukapopera mumapuma nkhungu yake. Ngati mupopera mchipinda chogona kapena pali ana pafupi musayambe, ndipo kamasiki kansalu kapena ka kuchipatala kaja sikatchinga mpweya wa thina, pamafunika ya makatiriji osefa mpweya. Anzanga ena a ku galaja amene ankanyozera zimenezi pano chifuwa sichiwachoka. Ngakhale Tamiya wa sipiriti yemweyo poperani poti mphepo ikudutsa.

Za sipiriti yanu ya ku famase, yang'anani pa lebulo. Ngati analemba surgical spirit, ina imakhala yosakaniza ndi timafuta kuti isaumitse khungu, timafuta timeneto pa penti si tabwino. Funsani isopropyl alcohol. Ya pepo imasungunula Tamiya inde, koma mtundu wake uja umaonekera pa penti woyera kapena wotuwa, ndiye mwina pa wobiriwira ndi wakhofi mokha. Poti alcohol yekha amauluka msanga, ine ndimamusakaniza ndi madzi, magawo awiri alcohol gawo limodzi madzi, madzi ake a batire osathira asidi aja amagulitsa mmalo a mafuta, osati a pa mjigo, a pa mjigo ena ali ndi mchere umasiya timadontho toyera. Sizifika pa X-20A koma zimakufikitsani pa Khirisimasi. Msuweni akamabwera atengenso Paint Retarder wa Tamiya, kabotolo kamodzi kamatha chaka, koma osapitirira dontho limodzi pa madontho khumi a penti, mukaonjeza sauma.

Chachikulu kwa ine nthawi. Masana a Okutobala ngakhale galimoto sitipopera kumaso kwa dzuwa. Dzukani 5 koloko, kukadali kozizira, fumbi lisanayambe, mupopere pamenepo, mudzadabwa penti yemweyo mulingo womwewo akugona mosiyana. Ndipo konzekeranitu, mvula ikayamba vuto lidzatembenuka. Kuno ku Mzuzu chinyezi ndiye chathu, kompresa ikatentha imasonkhanitsa madzi mu paipi, uli mkati mopopera bwinobwino imangolavula dontho la madzi pakati pa phiko. Inu kwanuko nthawi ya chiperoni mudzaziona zomwezi. Kompresa yopanda thanki ndiye imachita kwambiri. Pezani kosefera madzi kakang'ono komangira pansi pa airbrush, ndipo muziipumitsa kompresayo ikatentha. Lacquer pa chinyezi amachitanso zake, amauma ndi kamtambo koyera pamwamba.

Mkulu_wa_Matanki

Pa za masiki afundi anena zoona, ndinayenera kutchula, ine ndimapopera mu galaja chitseko chili chotsegula ndi masiki ya makatiriji kumaso. Ndavomera.

Mchengawo musapopere pamwamba pake achimwene, penti sabisa kukhakhala, amangokuonjezera, ndipo ma decal mukawaika pamalo okhakhala pansi pake pamatsala timpweya, akauma amawala ngati siliva mmbali mwa zilembo ndi mwa timikombero ta RAF (gulu la ndege za nkhondo la Britain) tija, model yonse imaoneka yonama. Ngati kukhakhalako nkochepa tengani sandipepa wa 1500 kapena 2000, mumunyowetse, mudutse mopepuka osakanikiza, kapena kansalu ka thonje ka tisheti yakale kupukuta mwamphamvu pang'ono, fumbi lambiri limachoka. Ngati pamphambano paja paunjikana kwambiri chotsani zonse, ubwino wa Tamiya acrylic ndi umenewo, isopropyl yemweyo ndi mswachi wakale amachoka yense ndipo pulasitiki siipsa. Mutsuke ndi sopo wa mbale, iume, muyambirenso. Mukadzafika pamphambano tsitsani presha pang'ono, yandikirani, poperani pamenepo poyamba kenako nkumapita kunja. Ndipo musanaike ma decal mudzafuna vanishi wonyezimira wa Tamiya X-22, muonjezere pa mndandanda wa msuweni. Samalani musasokoneze ndi X-21 Flat Base, ameneyo si vanishi, ndi wothira mu penti wina, mukamupaka yekha ndege yonse imayera ngati yagwa mu ufa.

Chomwe mwasungunula chikatsala musabwezere mu botolo. Sakanizani pang'ono, madontho khumi amakwana phiko lonse la 1/72.

Ndege72_BT

Ndabweranso patatha masiku anayi. Ndinasankha kuchotsa zonse chifukwa sandipepa samafika pamphambano, isopropyl ndinaipeza pa famase yachitatu, penti anachoka pasanathe theka la ola. Lachisanu ndinadzuka mmamawa, ndinasakaniza alcohol ndi madzi a batire monga ananenera afundi, supuni yoyamba pa limodzi kwa limodzi inatuluka yokhakhala pang'ono, yachiwiri ndinaika madontho 8 penti 12 thina pa presha ya 17 ndipo inagona bwino, ndiye ndinapopera XF-52 katatu mopyapyala. Ndadutsa chala lero, kuli see, timizere ta mapanelo tonse tikuoneka. Ndalemba mulingowo pa supuni yomweyo ndi tsiku lake ndi nthawi, ndiziisunga kuti mvula ikayamba ndidzafananize.

Kunsi ndapaka ndi bulashi monga munanenera mayi, ulendo woyamba ndinatsala pang'ono kufufuta koma ndinapirira, wachitatu watseka, pangotsala kamzere kamodzi pafupi ndi radiator komwe ndinabwereza penti asanaume. Propela yauma yakuda bii yosanyezimira.

Mawa ndi XF-81. Ndikufuna kutchinga ndi tepi ya pepala ya ku hadiweya poti ya Tamiya ndilibe, ndiyambe ndaimata pa dzanja kangapo kuti guluu achepe mphamvu. Kodi wakhofiyu ndimudikire masiku angati ndisanamate tepi, poti ndamusungunula ndi zosakaniza ndekhazi?